Kusankha Zida Zomangira Kompyuta Yoeditira Mavidiyo

Musanafunse mtengo wa chida chilichonse, tengani fayilo imodzi imene kamera yanu inajambula pa ukwati kapena pa chinkhoswe chaposachedwa, muitsegule mu pulogalamu yaulere yotchedwa MediaInfo. Lembani pa pepala zinthu zisanu: ngati ndi 1080p kapena 4K, ngati ndi H.264 kapena H.265, ngati ndi 8-bit kapena 10-bit, ngati ndi 4:2:0 kapena 4:2:2 (ma bit ndi manambalawa amanena kuchuluka kwa mitundu ya chithunzi imene fayilo imasunga), komanso ma Mbps ake, kutanthauza kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse. Chitani chimodzimodzi ndi fayilo ya mu drone ndi ya mu kamera ya mnzanu amene mumajambula naye. Kapepala kameneka musakataye, chifukwa ndi kamene kakuuzeni kopita ndalama zanu.

Nkhani yake ili chonchi. Makamera ambiri amapanikiza vidiyo kuti ikwane pa memory card. Njira zopanikizira za H.264 ndi H.265 nthawi zambiri sizisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Zimasunga chimodzi, kenaka pa zithunzi zotsatira zimangolemba zimene zasintha. Mukamakokera timeline uku ndi uku kufunafuna pamene mkwatibwi akulowa m'tchalitchi, kompyuta imabwerera ku chithunzi chathunthu chija n'kuyamba kumanganso mpaka pamene mwaima. Vidiyo ikamasewera, imayenera kutulutsa zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi iliyonse. Apa m'pamene kompyuta yofooka imayamba kudukizadukiza. Zida zina zili ndi kachigawo kapadera komasula mafayilo oterewa, zina zilibe, ndipo kachigawoko kamasankha mitundu ya mafayilo. N'chifukwa chake anthu awiri amatha kulipira ndalama zofanana, wina n'kumaedita mosavuta, mnzake n'kumangoyang'ana sikirini itauma.

Pulogalamu imene mumagwiritsa ntchito

Chachiwiri, tsimikizani pulogalamu yanu. DaVinci Resolve imatsamira kwambiri pa graphics card, khadi lokonza zithunzi mu kompyuta, makamaka mukamakonza mitundu ndi kuchotsa timadontho ta vidiyo yojambulidwa mumdima. Premiere Pro imafuna purosesa (ubongo wa kompyuta) yothamanga, khadi n'kumathandizira. After Effects imadya RAM, memory imene kompyuta imagwirirapo ntchito, mopanda chisoni. Final Cut Pro imayenda pa zida za Apple zokha monga Mac, choncho ngati mtima wanu uli kumeneko, kumanga kompyuta si njira yanu.

Pulogalamu nayonso ndi ndalama, muiwerengere. Premiere Pro mumalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka m'ndalama zakunja, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira zinthu pa intaneti ndi khadi la kubanki la ku Malawi akudziwa mmene foreksi imavutira. Resolve ili ndi mtundu waulere umene umatulutsa vidiyo mpaka 3840 x 2160, ndipo ambiri ojambula maukwati ukuwakwanira. Mtundu wa Studio umagulidwa kamodzi kokha pa madola 295, ndipo ndi umene uli ndi chida chochotsera timadontho tija, komanso umalandira bwino mafayilo a 10-bit amene mtundu waulere umavutika nawo pa Windows. Ngati kapepala kanu kalembedwa 10-bit ndipo mwasankha Resolve, ikani Studio mu bajeti kuyambira lero.

Patulani kaye ndalama za zinthu zimene anthu amaiwala

Musanagawe ndalama ku purosesa ndi khadi, chotsanipo kaye za UPS (kabokosi ka batire kosunga kompyuta ili yoyaka magetsi akazima), za sikirini ndi za hard disk yosungirako kope lachiwiri la ntchito zanu. Zitatu zimenezi ndi zimene zimasiyidwa kuti "tidzagula mwezi wamawa", ndipo mwezi wamawawo sufika mpaka ngozi itachitika. Zotsalazo ndiye bajeti yeniyeni ya kompyuta.

Werengerani m'madola kapena m'marandi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankasonkhanitsa ndalama pang'onopang'ono anadzuka akupereweredwa pafupifupi pa chilichonse. Ngati mukuitanitsa kunja, kaya ku masitolo a ku South Africa monga Wootware ndi Evetech kapena kudzera kwa m'bale wa ku Britain, wonjezerani zotumizira, ndipo funsani ku MRA za msonkho katundu asananyamuke. Ndikulangizaninso kuti musagule chida chimodzi mu Januwale, china mu Juni, china mu Okutobala. Sungani ndalamazo mpaka zikwane zida zonse zoyatsira kompyuta, mugule nthawi imodzi. Motherboard (bolodi yaikulu imene zida zonse zimalumikizidwapo) imene yakhala m'katoni miyezi isanu ndi umodzi ikudikira purosesa, mukadzaipeza kuti ndi yakufa, nthawi yobweza idzakhala itapita kalekale.

Purosesa, motherboard ndi RAM zimasankhidwa limodzi

Zitatuzi ndi banja limodzi. Purosesa iliyonse ili ndi soketi yake, malo amene imakhalapo pa motherboard, ndipo soketi ndi motherboard ndi zimene zimanena mtundu wa RAM. Kwa AMD kuli AM4, imene inayamba mu 2016 ndipo imagwiritsa ntchito DDR4, komanso AM5 ya mu 2022 imene imalandira DDR5 yokha. Kwa Intel kuli LGA1700 ya mapurosesa a m'badwo wa 12, 13 ndi 14, pomwe motherboard ina ndi ya DDR4, ina ya DDR5, malingana ndi mmene anaipangira. Kulinso LGA1851 ya Core Ultra 200S, ya DDR5 yokha. DDR4 silowa pa malo a DDR5. Kamphako kake kali posiyana, ndipo mukakakamiza muthyola. RAM ya laputopu nayonso ndi yaifupi, silowa pa motherboard ya pa desiki.

Tsopano bwererani ku kapepala kaja. Ngati kalembedwa H.265, 10-bit, 4:2:2, monga amajambulira makamera ngati Canon R5 ndi R6, kapena Sony a7S III ndi a7 IV mukawaika pa XAVC HS, tcherani khutu apa. Mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 11 ali ndi kachigawo kotchedwa Quick Sync kamene kamamasula mafayilo amenewa mosavuta. Makhadi a NVIDIA a RTX 30 ndi RTX 40 samasula 4:2:2, ngakhale akhale okwera mtengo chotani. NVIDIA inabweretsa zimenezi pa RTX 50 mu 2025. Choncho njira ziwiri zodziwika ndi izi: purosesa ya Intel yokhala ndi Quick Sync, kapena khadi la RTX 50 pa purosesa iliyonse. Chenjerani ndi chilembo F. Core i5-13600K ili ndi Quick Sync, koma i5-13600KF ilibe, i5-12400F nayo ilibe. Za F zimatsikako mtengo pang'ono, ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti n'zofanana popeza mugula khadi lapadera. Kwa wosewera magemu akunena zoona. Kwa inu woedita, madola ochepa amene mupulumutsa pamenepo mudzawalipira ndi maola ambirimbiri odikira.

Ngati mafayilo anu ndi 8-bit 4:2:0, monga amatulutsira makamera ambiri akale ndi mafoni ambiri, mtima pansi. Khadi lililonse lamakono la NVIDIA, AMD kapena Intel limamasula amenewa, ndiye sankhani purosesa poyang'ana mtengo. Ya ma core 6 (tizigawo togwira ntchito mkati mwa purosesa) monga Ryzen 5 7600 imakwana pa 1080p ndi 4K yopepuka. Ya ma core 8 monga Ryzen 7 5700X pa AM4 ikadali yabwino kwa amene thumba lawo ndi lochepa. Amene amaedita makamera atatu kapena anayi nthawi imodzi, monga pa msonkhano wa mpingo kapena pa konsati ya kwaya, angapindule ndi i7-14700K ya ma core 20 kapena Ryzen 9 7900X ya ma core 12. Ma Ryzen okhala ndi X3D kumapeto anapangidwira magemu. Ndalama yowonjezerayo ipititseni ku RAM. Mukasankha Intel ya m'badwo wa 13 kapena 14, ikani BIOS (kapulogalamu ka mu motherboard koyatsira kompyuta) yatsopano tsiku loyamba lomwelo. Mu 2024 Intel inavomereza kuti ena mwa mapurosesa amenewa ankawonongeka pang'onopang'ono chifukwa cholandira volteji yopitirira muyezo, ndipo inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS. Pa chifukwa chomwechi, ine sindingagule i7 kapena i9 ya mibadwo imeneyi kwa munthu amene anaigwiritsapo kale ntchito, chifukwa yowonongeka kale BIOS siichiritsa.

Pa motherboard musatengeke ndi timagetsi tamitundumitundu. Ya B550, B650 kapena B760 ikukwanirani. Yang'anani kuti ili ndi malo anayi a RAM, malo a M.2 (olowetsa SSD, madiski othamanga) osachepera awiri, USB-C ya 10Gbps yokopera msanga mafayilo, ndi tizitsulo toziziritsa pa zida zozungulira soketi. Funsani ngati BIOS imene ilimo ikudziwa purosesa yanu, chifukwa B660 yakale ikhoza kukana kuyaka ndi purosesa ya m'badwo wa 13 mpaka BIOS itasinthidwa. Zina zili ndi kabatani kumbuyo kosinthira BIOS ndi fulashi popanda purosesa, ndipo kwa munthu amene ali kutali ndi sitolo kabatani kameneka n'kamtengo wapatali.

RAM ili ngati tebulo la telala: likachepa, nsalu yaikulu amaidula akupindapinda, ntchito n'kumachedwa ngakhale makina ake osokera ali othamanga. 16GB imakwana pa 1080p basi. Pa 4K yambirani pa 32GB. Ngati mumatsegula After Effects kapena Fusion pafupipafupi, 64GB. Gulani timitengo tiwiri ta m'paketi imodzi, monga 16GB kawiri, osati kamodzi ka 32GB, chifukwa tikakhala tiwiri purosesa imatiwerenga nthawi imodzi. Pa ma motherboard ambiri timalowa pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa, koma tsimikizani m'kabuku kake. Pa AM5, DDR5-6000 ndiyo imagwirizana bwino. Pa AM4, DDR4-3200 kapena 3600. Mukayatsa koyamba lowani mu BIOS mutsegule XMP kapena EXPO, zimene zimayendetsa RAM pa liwiro lake lonse, apo ayi RAM yanu iziyenda pa liwiro lotsika kuposa limene munalipira.

Graphics card

Pa khadi, nambala yoyamba kufunsa ndi VRAM, kutanthauza memory ya pa khadi lenilenilo. Imeneyi siwonjezeredwa, mmene mwagulira ndi momwemo mpaka kalekale. Ikadzadza, Resolve imangotulutsa uthenga woti memory ya GPU (khadilo) yatha, render, ntchito yotulutsa vidiyo, n'kuima pakati. 8GB imayenda pa 1080p ndi 4K yopanda zokometsera zambiri. Pa 4K yokonza mitundu mozama, funani 12GB kapena 16GB. N'chifukwa chake RTX 3060 ya 12GB, ngakhale ndi ya 2021, oedita ambiri amaikondabe kuposa RTX 4060 ya 8GB. Werengani bwino pa katoni, chifukwa dzina limodzi limatha kukhala ndi mitundu iwiri. RTX 3060 iliponso ya 8GB, ndipo RTX 4060 Ti ndi RTX 5060 Ti zonse zili ndi ya 8GB ndi ya 16GB. Kwa munthu amene akugula chatsopano lero kuti aziedita 4K, 5060 Ti ya 16GB ndi poyambira pabwino, popeza ikupatsani VRAM yokwanira ndi 4:2:2 yomwe.

Makhadi a AMD monga RX 9070 ndi a Intel monga Arc B580 amagwira ntchito, ndipo nthawi zambiri amapereka VRAM yambiri pa mtengo wotsikirapo. Komabe mapulogalamu ambiri oeditira ndi ma plugin awo amayenda mosavuta pa NVIDIA, ndipo mukakumana ndi vuto simusowa amene anakumana nalo kale. Ikani driver ya Studio, osati ya Game Ready.

Kanthu kena kamene ambiri sakadziwa: mukalumikiza sikirini ku khadi, ma motherboard ena amazimitsa okha kachigawo ka zithunzi ka mu purosesa ya Intel, Quick Sync n'kupita nako. Lowani mu BIOS, pezani pamene palembedwa iGPU Multi-Monitor kapena mawu ofanana nawo, mutsegule, kenaka muike driver ya Intel. Mukamasewera vidiyo, tsegulani Task Manager muone ngati pa GPU ya Intel mzere wa Video Decode ukukwera. Ukakwera, ndiye kuti ndalama zanu zikugwira ntchito.

Kosungira mafayilo

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene pamakhala ntchito ya eni ake. Yambani ndi masamu. Kamera yojambula pa 100 Mbps imadzaza pafupifupi 45GB pa ola. Makamera awiri, iliyonse maola 6 kuyambira kosambitsa mkwatibwi mpaka perekaniperekani, ndi 540GB pa ukwati umodzi, drone tisanaiwerengere. Mukasandutsa mafayilo a 4K kukhala ProRes 422 HQ, mtundu wosapanikizidwa kwambiri wosavuta kuedita, ola limodzi limaposa 300GB. Kumbukiraninso kuti diski yolembedwa 1TB imaoneka ngati 931GB mu Windows, komanso SSD imayamba kuchedwa ikatsala pang'ono kudzadza. Ndiye amene akuganiza kuti 1TB imodzi imukwanira pa Windows, mapulogalamu ndi maukwati atatu a mu Ogasiti, awerengenso.

Ndondomeko yabwino ndi ya madiski atatu. Yoyamba ndi NVMe (SSD yolowa pa M.2) ya 500GB kapena 1TB ya Windows ndi mapulogalamu. Yachiwiri ndi NVMe ya 2TB ya ntchito zimene mukuedita panopa pamodzi ndi cache, mafayilo osakhalitsa amene pulogalamu imapanga mukamaedita. Yachitatu ndi hard disk yaikulu, 4TB kapena 8TB, yosungirako zimene mwamaliza. Ubwino wolekanitsa ndi woti Windows ikasokonekera mumaifufuta n'kuikanso osakhudza vidiyo ya munthu.

Pa liwiro musawononge ndalama. Hard disk imayenda pafupifupi 200MB pa sekondi, SSD ya SATA pafupifupi 550MB, NVMe ya PCIe 3.0 pafupifupi 3,500MB, ya PCIe 4.0 mpaka 7,000MB. Fayilo ya 100 Mbps ija imangofuna 12.5MB pa sekondi. Mukuona nokha kuti PCIe 5.0, imene ndi yodula komanso yotentha, woedita maukwati alibe nayo ntchito. Chofunika n'choti SSD isagwe liwiro mukamakopera mafayilo ambiri nthawi imodzi. Zotchipa zambiri ndi za QLC: zimayamba mothamanga, koma zikalandira magigabaiti angapo zimatsika mpaka kufanana ndi hard disk. Funani za TLC, monga Samsung 990 Pro kapena WD Black SN850X. Pa hard disk funani yolembedwa CMR, osati SMR. Werenganinso kabuku ka motherboard, chifukwa pa ena mukaika SSD pa malo achiwiri a M.2, mabowo ena a SATA amasiya kugwira ntchito.

Pamwamba pa zonsezi pakhale diski yakunja imene imasungidwa kwina, osati pa tebulo lomwelo. Mukafika kunyumba usiku kuchokera kojambula, koperani mafayilo pa malo awiri musanagone, ndipo memory card musaifufute mpaka mutatsegula mafayilowo n'kuona kuti akusewera. Graphics card ikapsa mugula ina. Koma vidiyo ya mwambo wa maliro a mayi ake a munthu, imene ana a ku Johannesburg anakutumani kuti awonere chifukwa analephera kubwera, ikatayika palibe chimene mungawauze.

Magetsi

Walira mvula walira matope. Mukafuna purosesa yaikulu ndi khadi lalikulu, mwafunanso power supply yaikulu, UPS yaikulu ndi zoziziritsa zazikulu. Phatikizani motere. i7-14700K imakoka mpaka 253W ikamagwira ntchito mwamphamvu, RTX 5070 imakoka 250W, zina zonse muziike pa 70W. Zonse pamodzi zikuyandikira 600W, ndiye gulani power supply ya 750W kapena 850W kuti isamagwire ntchito ili pakhosi. Ryzen 7 5700X ndi RTX 3060 ya 170W sizifika ndi 350W yomwe, choncho 550W kapena 650W ikukwanirani.

Chida ichi musachichepetsere ndalama ngakhale pang'ono. Power supply yopanda dzina, yopepuka m'manja, yolembedwa 800W koma mtengo wake wofanana ndi wa kiyibodi, ikamafa imatha kufa ndi motherboard, khadi ndi madiski omwe. Sankhani ya kampani yodziwika monga Seasonic, Corsair kapena be quiet!, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze kapena Gold ndi walanti ya zaka zisanu kapena kuposerapo. Ngati khadi lanu limafuna chingwe chatsopano cha mapini 16, gulani power supply ya ATX 3.1 imene imabwera nacho, ndipo polumikiza kankhani mpaka mumve kuti chakhala bwinobwino, pasatsale mpata. Chingwe chimenechi chikalowa mwatheka chimatentha mpaka kusungunuka. Magetsi a ku Malawi ndi 230V. Ma power supply amakono ambiri amadzisinthira okha, koma mukalandira yakale yochokera ku America yokhala ndi kaswichi kofiira kumbuyo, onetsetsani kuti kali pa 230 musanalumikize kukhoma.

Za UPS sitingakambirane zoti mwina. Amene ankaedita mu 2022, namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale n'kuchotsa pafupifupi 130MW, akukumbukira mmene magetsi ankathimira maola ambiri tsiku lililonse. Magetsi akazima kompyuta ili mkati molemba fayilo, pulojekiti ikhoza kukana kutsegukanso. Pogula UPS musanyengeke ndi nambala ya VA. Ya 650VA imapereka pafupifupi 360W yokha. Ya 1500VA nthawi zambiri 900W kapena kuposerapo pang'ono. Yang'anani ma W, aposeko zimene kompyuta ndi sikirini zimakoka pamodzi. Funani yolembedwa pure sine wave, chifukwa ma power supply amakono ena amazima pa nthawi imene UPS yotchipa ikulandira katundu. Ikhalenso ndi AVR yowongola volteji ikatsika madzulo aliyense akuphika. Ntchito ya UPS ndi kukupatsani mphindi zochepa zosevera ndi kuzimitsa mwadongosolo. Ngati mukufuna kupitiriza ntchito magetsi kulibe, imeneyo ndi nkhani ya inverter, mabatire ndi sola, ndipo pamenepo kompyuta yokoka 350W ikukomerani kuposa yokoka 600W. Ganizirani zimenezi musanasankhe purosesa. M'nyengo ya mvula, kukayamba ziphaliwali, zulani pulagi kukhoma pamodzi ndi chingwe cha intaneti.

Kutentha ndi fumbi

Makina akatentha kwambiri amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse, ndiye render imene imatenga mphindi 40 mu Juni imatalika mu Okutobala. Amene muli ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi kapena Karonga musanyozere gawo lino. Bokosi lake likhale lokhala ndi sefa kutsogolo m'malo mwa galasi lotseka, mafani awiri kapena atatu olowetsa mpweya kutsogolo ndi imodzi yotulutsa kumbuyo. Olowetsa akachuluka kuposa otulutsa, fumbi silipeza mpata wolowera m'ming'alu. Choziziritsa purosesa cha mpweya cha nsanja ziwiri monga Thermalright Peerless Assassin 120 n'chotchipa ndipo chimakwana pa mapurosesa ambiri. Ine ndimakonda cha mpweya kuposa cha madzi pa chifukwa chimodzi: fani ikafa mupeza ina mu Limbe kapena ku Area 2 tsiku lomwelo, pamene pampu ya chamadzi ikafa mudikira katundu wochokera kunja ntchito itaima. Yezani kutalika kwa choziziritsa ndi kwa khadi, muyerekeze ndi mamilimita amene wopanga bokosi walemba. Kompyuta isakhale pansi pa simenti; iikeni pamwamba, ndipo sefa muzitsuka mwezi uliwonse m'chilimwe.

Makompyuta a muofesi ogwiritsidwa kale ntchito, monga Dell OptiPlex ang'onoang'ono, amakopa chifukwa cha mtengo. Ambiri ali ndi bokosi lopapatiza, power supply yaing'ono ndi mapulagi akeake, moti khadi lalikulu sililowa. Komanso Windows 10 inasiya kulandira chithandizo pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo.

Sikirini ikhale ya IPS, mainchesi 27, 1440p kapena 4K, yoonetsa sRGB pafupifupi 100 peresenti. Ya magemu ya 240Hz mulibe nayo ntchito. Khungu la anthu athu limavuta kulikonza pa sikirini yonama. Inu muona labwino, koma pa TV ya makolo a mkwati lioneka lofiirira kapena lotuwa. Gulaninso mahedifoni abwino otseka makutu, chifukwa anthu amakhululuka chithunzi chosawala bwino koma mawu a abusa akamamveka mokanda amadandaula. Onjezani chowerengera memory card cha UHS-II ngati makhadi anu ndi amtunduwo.

Musanalipire, komanso mukangomanga

Lowetsani zida zonse pa PCPartPicker. Ikuchenjezani ngati soketi, RAM kapena kukula kwa bokosi sizikugwirizana, ndipo ikuwerengerani ma W. Mwachitsanzo, wojambula 4K ya 8-bit amene ndalama zili zochepa angalowetse Ryzen 7 5700X, B550, DDR4 ya 32GB, RTX 3060 ya 12GB ndi power supply ya 650W. Dziwani kuti 5700X ilibe kachigawo ka zithunzi, popanda khadi sikirini siyaka. Wojambula H.265 ya 10-bit 4:2:2 angalowetse i5-14600K ndi B760, kapena Ryzen 7 ya AM5 ndi B650 pamodzi ndi RTX 5060 Ti ya 16GB, RAM 32GB ndi 750W. Ndipo ngati ndalama sizikufika pamenepo, musataye mtima n'kukatenga ngongole ya katapira. Resolve ndi Premiere zonse zimapanga ma proxy, timafayilo topepuka toeditira, kenaka pomaliza zimabwerera ku mafayilo enieni. Mumaisiya kompyuta ikupanga usiku, m'mawa n'kuedita bwinobwino.

Zina mukhoza kugula zogwiritsidwa kale ntchito: bokosi, choziziritsa, RAM, ngakhale khadi mukaliyesa. Power supply ndi diski yosungira ntchito za makasitomala gulani zatsopano. Pogula khadi kwa munthu, musalipire poona chithunzi pa WhatsApp. Pitani liyatsidwe inu mukuona, mutsegule GPU-Z mutsimikize dzina ndi VRAM, muyendetse FurMark mphindi 15 mukuyang'ana kutentha, kumvetsera mafani ndi kuona ngati pa sikirini pakutuluka timizere kapena timadontho. SSD iliyonse ioneni ndi CrystalDiskInfo, imene imanena maola amene yagwira ntchito ndi thanzi lake. Diski kapena memory card ya mtengo wokayikitsa iyeseni ndi H2testw, imene imadzaza yonse n'kuwerenganso. Yabodza yolembedwa 2TB koma mkati muli 64GB imagwidwa pomwepo. Pa motherboard ya Intel kapena AM5, unikani mu soketi ndi tochi ya foni muone ngati palibe pini yopindika. Pa AM4 mapini ali pa purosesa, ndiye itembenuzeni muyang'ane mzere ndi mzere. Malisiti ndi makatoni sungani.

Mukamanga, musathamangire kulandira ntchito. Yendetsani MemTest86 usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi chikatuluka, zimitsani XMP kapena EXPO muyesenso, chikabwereranso bwezani RAM. Kenaka yendetsani Cinebench mphindi 30 masana dzuwa lili paliwombo, HWiNFO ili yotsegula, muone ngati purosesa ikugunda malire ake a kutentha. Ikagunda, masulani choziziritsa muone ngati munachotsa kapulasitiki ka pansi pake ndi kupaka phala lake bwino. Zikatero tsegulani pulojekiti yanu yolemera kuposa zonse, ya makamera onse, muichite export yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ili mkati, zimitsani swichi ya kukhoma muone ngati UPS yanyamula katunduyo kompyuta osazima, ndipo muwerenge mphindi zimene ikukupatsani.